Zigubu Zofunda Bulangeti

"Ndati mutulutse zinthu zanuzo, Nambewe! Kapena mukufuna ndilowe ndekha?"

A Gaspar adali ataima pabwalo pa mlongo wawo, ndodo ili m'manja, chipewa chitapendekera kukhutu. Estere adatseka khomo ndi thupi lake lonse, ndipo thupilo silidali lochepa.

"Mulowa ngati ndani? Nyumba ino adamanga ndi malemu bambo a Marlene. Inu simudaikepo ngakhale nsungwi imodzi."

"Ndilowa ngati mwini mbumba. Ng'ombe zanga ziwiri zafa mwezi umodzi. Alamu anuwa asuzumira pazenera, aona ndi maso awo zigubu zitatu mutazifunditsa bulangeti la mwamuna wanu, zikupuma ngati anthu. M'mawa mumazigwedeza, madzulo mumazipatsa chakudya. Ndikunama?"

"Simukunama."

Custódia, mkazi wa a Gaspar, adali kumbuyo kwa mwamuna wake akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Maso akewo adali ofiira chaka chonse chifukwa cha utsi wa kukhitchini, moti sumadziwa ngati akulira kapena ayi.

"Ndi za Marlene, achimwene," adatero Estere. "Ndi ntchito yake ya ku universidadi. M'zigubumo muli mapesi osinja, madzi, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mapesiwo. Ndimazifunditsa chifukwa kuzizira kwa mwezi uno kungatiphe."

"Mwamva?" A Gaspar adatembenukira anthu amene adayamba kale kuunjikana kuseri kwa nkhokwe. "Wavomera yekha! Chinthu chosaoneka ndi maso koma n'kumadya, kuno kwathu dzina lake n'chiyani?"

Palibe adatchula dzinalo, koma aliyense adalimva. Dzina limenelo likakumata suchotsa ndi sopo.

"Fisi akafuna kudya mwana wake amati akununkha mbuzi," adatero Estere. "Nenani chimene mukufuna, achimwene."

"Ndikufuna mudzi ugone tulo. Ndatumiza mawu ku Nsadzo kwa atsibweni a Maliro. Loweruka la sabata yamawa mbumba yonse ikhala pansi pa mango apa. Zinthu zanuzo zidzatenthedwa anthu akuona, monga mwa mwambo. Zikatha zimenezo mudzanyamule mphasa, mulondole mwana wanu wophunzirayo ku Maputo. Kuno ayi."

"Nanga dimba la amayi?"

"Dimba ndi la mbumba."

Apo ndiye padagona nkhani. Kwathu kuno ku Mualadzi, mkazi wamasiye akakhala ndi dimba losaphwa madzi ayenera kusamala kwambiri ndi imvi zake. Akangoyera mutu, nkhuku ya mnzake singafe ndi chitopa ayi, imafa ndi iyeyo. Dimba la Estere lidali m'mbali mwa khwawa, lachinyontho ngakhale mu Okutobala, ndipo a Gaspar adali ndi ana aamuna awiri ofuna pofesa fodya.

Masiku otsatirawo adamuwawa Estere kuposa tsiku la mkanganolo. Akafika pamjigo, amayi ankachotsa ndowa zawo mwachangu n'kumusiyira mpata waukulu ngati wa bishopu. Woyandikana naye adabweza sefa imene adabwereka chaka chatha, ndipo adaiponya chapatali osafika pakhonde. Lamulungu kutchalitchi benchi yake idali yake yekha. Adayimba nawo nyimbo zonse mokweza, dala, koma pobwerera kunyumba adalira njira yonse.

Lachiwiri masana adatsikira kudimba. Telefoni kumeneko imagwira pamwamba pa chulu chokha, ndiye adakwera mokwawa. Ataima pamwambapo adaona zikhomo zatsopano za mtengo wa mthethe zitakhomedwa m'ngodya zonse za dimba lake, china pakati penipeni pa bedi la mpiru. Mlandu usadazengedwe, anthu adali atagawana kale.

"Mama, ndikwera basi mawa," adatero Marlene patelefoni atamva zonse. "Ndili ndi madokumento onse, chilolezo chili ndi zidindo zitatu. Ndidzawawerengera amalume pamaso pa anthu."

"Nanga mayeso aja, ezame yako, ili liti?"

"Lachisanu. Koma mama..."

"Ukhala komweko. Munthu wofuna dimba samva za zidindo. Iwe ungondiuzanso bwinobwino za tizilombo takoti, kuti ndikadzayankhula ndisadzapunthwe."

Marlene adayamba pang'onopang'ono monga ankachitira powerengera mayi wake kalata.

"Mukukumbukira chiswe chimene tidakumba pachulu mwaimapo, n'kuchiika m'botolo?"

"Ndingaiwale? Chidandiluma zala zonse."

"Chiswe chimadya mtengo wouma n'kukhuta. Si nzeru zake ayi. M'mimba mwake muli mabakiteriya amene amagaya mtengowo n'kuusandutsa shuga. Vuto lake, mabakiteriyawo akatuluka m'mimba mwa chiswe sachedwa kufa. Ndiye ife ku laboratoriyo tidatenga kachidutswa ka chibadwa chawo, kamene kali ndi luso logayalo, n'kukaika mwa mabakiteriya ena olimba, oswana msanga."

"Monga muja bambo ako ankamezanitsira mango? Nthambi ya okoma pa tsinde la olimba?"

"Ndendende, mama! Tsono akagaya mapesi kukhala shuga, yisiti tidathira uja amasandutsa shugayo kukhala mowa. Kupuma kumene alamu anu adamva ndi mpweya wotuluka pamene mowa ukupsa. Mowawo mukautcheza umasanduka mafuta oyaka, ophikira popanda nkhuni."

"Tsono Loweruka lino uyaka?"



"Sindikudziwa, mama. Pamafunika masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo Loweruka lidzakhala la khumi ndi chisanu ndi chinayi. Kuno ku laboratoriyo zimatheka chifukwa kutentha timakuyeza. Kumudzi, m'chisanu, palibe adayesapo. Inu ndinu oyamba. Mukautcheza msanga mphamvu yake ikhoza kukhala yochepa."

"Za mphamvuzo undisiyire ine. Iwe udziwa kulera tizilombo, koma kutcheza sungandiphunzitse. Udaphunzira sukulu ndi chiyani kodi?"

Marlene adaseka, ndipo kusekako kudathera m'kulira. Zaka khumi ndi ziwiri Estere adatcheza kachasu wodziwika mpaka ku Cassacatiza, kufikira mwana wake atalowa universidadi. Atatero adasiya, nalowa gulu la amayi a kutchalitchi, zida zake n'kuzikweza patsindwi la khola.

Potsika pachulupo adazula zikhomo zonse zisanu, nazimanga ndi luzi.

Lachinayi chigubu chimodzi chidasasa. Atatsegula pang'ono, fungo lake lidali la phala logona masiku atatu. Zidatsala ziwiri. Adazisendeza pafupi ndi mafuwa, nawonjezera chitenje chake chatsopano pamwamba pa bulangetilo, iye n'kumafunda thumba.

Loweruka dzuwa litangokwera, pansi pa mango padadzaza. Adaitanidwa ndi a mbumba okha, koma kudabwera mudzi wonse, ena atakwera njinga kuchokera kutsidya. A Maliro adafika atakwezedwa pa kaliyala wa njinga, nkhalamba yowonda ya khutu limodzi logontha, imene pamilandu inkakonda kuwodzera. A Gaspar adali ataunjika kale nkhuni pakati pa bwalo.

Adayankhula nthawi yaitali. Adatchula ng'ombe ziwiri zija mayina ake, adatchula chifuwa cha mkazi wawo, adatchulanso mphepo imene idasasula denga la khola lawo chaka chatha.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," adamaliza. "Mlongo wangayu ndi wa kwaya, koma m'nyumba mwake akuweta zinthu. Zituluke, zipse!"

Estere adagwada, nawomba m'manja katatu.

"Atsibweni, mwambo umati zinthu zotere zitenthedwe anthu akuona. Sindikukana. Ndingopempha chimodzi: ndizitenthe ndekha, mwa njira imene ndimadziwa."

Adalowa m'nyumba natulutsa zigubu ziwiri zija. Anthu adabwerera m'mbuyo, amayi ena akukoka ana. Kenako adatsitsa patsindwi la khola mtsuko waukulu wakuda, paipi yopindika, ndi chibeseni chobooka m'mbali. A Maliro adatsegula maso onse awiri.

"Iii! Zida izi ndikuzidziwa," idatero nkhalambayo ikudzikonza pampando. "Musiyeni mwanayo."

"Atsibweni, ameneyu akufuna kutichedwetsa!"

"Ukuthamangira kuti, Gaspar? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Estere adasefa zam'zigubuzo ndi thumba, nathira madzi ake mumtsuko. Adamata pakamwa pa mtsukowo ndi dothi lonyowa, nadutsitsa paipi m'chibeseni cha madzi ozizira, kumapeto kwake n'kutcherako botolo. Nkhuni adatenga pamulu womwe uja wa a Gaspar, osapempha. Uku akusonkha moto, adafotokoza za chiswe, za mango omezanitsa, ndi za mapesi amene chaka chilichonse amangotenthedwa m'minda posaka mbewa. Ena adamvetsera. Ambiri ankangoyang'ana kumapeto kwa paipi.

Dontho loyamba lidagwa dzuwa lili paphewa. Botolo litafika theka, Estere adatapa pasupuni, monga amayesera otcheza onse, nawaza pamoto.

Moto udangoti tsii, khala limodzi n'kuzima.

Adali madzi, mphamvu yake yosakwana kuledzeretsa ngakhale nkhuku. Estere adaona m'maganizo mwake mphasa yake ili pamutu, msewu wa fumbi, manda a mwamuna wake akumera thengo popanda wolambula.

"Mwaona?" adakuwa a Gaspar. "Mafuta ake ndi amenewo? Mafuta ozimitsa moto! Bodza lilibe miyendo. Anyamata, gwetsani mtsukowo!"

"Asaukhudze munthu!" Estere adaimirira atagwira chikuni. "Atsibweni, inu mudamwapo wanga. Ndidayamba ndakupatsani wotcheza kamodzi?"

"Ayi ndithu," adatero a Maliro mwaulemu waukulu. "Wako udali wobwereza."

"Ndiye ndibwereze."

Adadikira mpaka mabotolo anayi atadzaza. Adakhuthula mtsuko, zotsalazo n'kuzisiya zikuwira mumphika wina monga adamulangizira Marlene, kuti kachilombo kalikonse kafere momwemo. Adatsuka mtsukowo, nabwezeramo mabotolo anayi aja, namatanso. Tsopano moto adauchepetsa mpaka kutsala makala okhaokha. Apa ndi pamene pamasiyana otcheza ndi owiritsa madzi: ukapupuluma, nthunzi ya madzi imakwera limodzi ndi mowa. Adagwira mtsuko ndi kuseri kwa dzanja, nachotsa khala limodzi, nagwiranso. Madzi a m'chibeseni adawasintha kawiri, akutunga yekha, pakuti padalibe womuthandiza.

Dzuwa lidafika pamutu. Ana adayamba kulira njala, koma palibe mayi adachoka.

Kenako mutu, kachasu woyamba wamphamvu uja, udayamba kudontha, woyera ngati misozi. Fungo lake lidafika kwa a Maliro, ndipo nkhalambayo idameza malovu mooneka.

"Ndilaweko pang'ono, kuti ndiweruze bwino."

"Pepani atsibweni, uyu si wakumwa. Uyu ndi wa mphika."

Estere adatenga kambaula ka zitini kamene Marlene adasiya, nathiramo theka la kapu, nakaika poyera pakati pa bwalo. Adakhwatcha machesi, nayandikiza. Kadangoti phu, basi.

Anthu adasuzumira. Padalibe lawi, padalibe utsi, kambaula kali phee padzuwa.

A Gaspar adaseka mpaka kutsamira ndodo.

"Tsiku lonse tapsa ndi dzuwa kudikira zimenezi? Moto wake uli kuti, Nambewe? Kapena nawonso ndi wosaoneka ndi maso?"

"Musayandikire, achimwene."

"Ukundiopseza? Onani, anthuni, ndikuonetseni bodza la mfiti!"

Adapinda mkono wa malaya, natambasula dzanja lonse pamwamba pa kambaulako.

Kulumpha kumene adalumpha a Gaspar, ana a m'mudzimo akukuyeserera mpaka lero. Ndodo idagwera uku, chipewa uko, iwo ali "Mayo! Mayo ine!" chala chili m'kamwa, fungo la cheya chowauka lili tolo. Munthu mmodzi adayamba kuseka kumbuyo, kenako bwalo lonse lidaphulika.

"Safunsa adadya phula," adatero a Maliro akupukuta misozi. "Mwana iwe, sudaonepo mutu wa kachasu ukuyaka masana? Tengera pamthunzi, Estere."

Estere adanyamula kambaulako ndi nsanza, nakaika pakhonde pamene padali mdima pang'ono. Pamenepo aliyense adaliona: lawi lobiriwira ngati thambo, lozungulira bwino, losagwedezeka. Adatereka chiwaya, nathiramo mtedza. Posakhalitsa mtedza udayamba kuthetheka.

Amayi amene adakoka ana aja ndiwo adayamba kuyandikira. Amenewa ndi anthu oyenda maola atatu kukafuna nkhuni, chifukwa mitengo yapafupi idatha ndi makala ndi zigafa za fodya.

"A Nambewe, mwati ndi mapesi okhaokha?"

"Mapesi omwewa mumatenthawa."

"Nanga kapu imodzi ingaphike nyemba?"

"Nyemba sindidayese. Tidzayesa limodzi."

Custódia adadutsa pakati pawo. Adagwada pafupi ndi kambaulako, nayandikiza nkhope yake mpaka kumva kutentha m'masaya. Adakhala choncho nthawi, maso ali chitsegulire.

"Sakuwawa," adatero motsitsa. "Maso anga sakuwawa."

Adatembenuka akadali chogwada, nayang'ana a Maliro.

"Atsibweni, ndili ndi mawu. Amene adasuzumira pazenera ndine, amene adafalitsa ndine. Koma chifu cha ng'ombe ziwiri zija adatsuka ndinenso. Mudali mapulasitiki odzaza ndowa, ndi chingwe cha thumba la feteleza. Zinkadya kudzala la kumsika chifukwa zidalibe wozikusa. Ndidawaonetsa bambowa. Adati nditseke pakamwa."

"Custódia!" adabangula a Gaspar, chala chikadali m'mwamba.

"Ndatseka mokwana, bambo. Alamu angawa adandisamalira pamene ndidadwala nthenda ya chifuwa, inu muli ku Zambia."

Mtedza unkathethekabe m'chiwaya.

Estere adaphula chiwaya, nakhuthulira mtedzawo m'lichero, napereka kwa a Maliro poyamba. Kenako adaima pakati pa bwalo.

"Mwana wanga adandiuza kuti tizilombo togaya udzu tilinso m'chifu cha ng'ombe iliyonse. N'chifukwa chake ng'ombe imanenepa ndi udzu umene inu ndi ine tingafe nawo njala. Tsono achimwene, ngati woweta tizilombo tosaoneka ndi mfiti, khola lanu lija mwadzaza afiti khumi ndi anayi. Tiyambire kumeneko kutentha?"

Ntchembere zidalulutira. A Maliro adadikira phokoso lithe, akutafuna mtedza ndi mano awo atatu.

"Ine ndayenda ulendo wautali kudzaona ufiti," adatero, "koma ndaona mwana wamkazi wa mbumba ino ataphunzira mpaka kulamula tizilombo ta m'mimba mwa chiswe, ndi mayi wake wodziwa moto. Estere sachoka. Dimba ndi la amayi ake, lidzakhala la Marlene. Gaspar, mwini mbumba ndi mthunzi, si nkhwangwa. Upepese mlongo wako pompano, pamene udamunyozera."

A Gaspar adayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza. Ana awo aamuna adali atazemba kale. Adatola chipewa, nachigwira pamimba.

"Chibale ndi fupa, sichiola," adang'ung'udza. "Zidangochitika, Nambewe. Za dimbazo ine sindidaganizeko n'komwe."

"Simudaganizeko?"

"Ngakhale pang'ono."

Estere adalowa m'nyumba. Mtima wake udali ukuvina, ndipo sadafune kuubisa. Adaganiza za Marlene, za mmene adzakuwire patelefoni madzulo ano iye ali pamwamba pa chulu. Adatuluka atanyamula kamtolo komanga ndi luzi: zikhomo zisanu za mthethe, zosongoka bwino, dothi lakuda la kudimba likadali kunsonga. Aliyense pabwalopo adadziwa kasemedwe ka nkhwangwa ya a Gaspar.

Adagwada mwaulemu wonse, natula kamtoloko pamapazi pa mlongo wake.

"Ndidazipeza zitamera m'dimba mwanga, achimwene. Tengani mukawothe, n'zouma bwino. Ine nkhuni ndasiya."